Maselo Amene Anaiwala Kufa

Lachinayi, 10 Okutobala 2019

Andigoneka lero. Wodi ya amayi, bedi nambala 6, pafupi ndi zenera. Ndikulemba m'kope lotsala la ku sikelo, chifukwa dzanja langa linazolowera. Zaka makumi awiri ndi zitatu ndakhala mlangizi wa zaumoyo ku Golomoti, kuyeza ana, kubaya katemera, kudontheza vitamini A m'kamwa mwa makanda. Lero woyezedwa ndi ine, Scholastica.

Magazi anayamba kutuluka Lachiwiri ndipo sanaleke. Amuna anga a Lameck ananditengera pa njinga mpaka pa msewu, kenako minibasi mpaka kuno ku chipatala cha mishoni. Magazi a m'thupi 5.9. BP 96/60. Andiika diripi.

Mwezi watha anadula kanyama pa khomo la chiberekero n'kutumiza ku Lilongwe. Zotsatira sizinafike.

Mng'ono wanga Hilda ndiye akundidikirira. Wayala mphasa pansi pa bedi. Kukutentha ngati m'ng'anjo.

Lachisanu, 11 Okutobala

Paketi yoyamba ya magazi, kuyambira 10 koloko mpaka cha m'ma 2. A Lameck anapereka awo kuti abwezere m'nkhokwe. Anabwera akuonetsa thonje pa mkono ngati mwana wobayidwa katemera.

Bedi nambala 7 pali a Margret a ku Mtakataka, ogulitsa usipa wouma. Thupi latha, koma mawu ndi a pamsika ndithu. Anandiyang'anitsitsa m'mawa wonse, kenako anati:

"Inu si adokotala a sikelo aja? Munkabwera ndi chitini cha timakapisozi tofiira?"

Ndinavomera.

"Mdzukulu wanga anakulumani chala ku sikelo ya pansi pa mlambe."

Ndinakumbukira chalacho, mwanayo ayi. Tinaseka mpaka nesi anasuzumira.

Matenda awo ndi a khomo la chiberekero. Atero okha, osanong'ona. Akuti anafika kale ku chikhodzodzo.

Loweruka, 12 Okutobala

Paketi yachiwiri. Mutu wasiya kuwaza. Ndadya phala la mpunga theka la mbale.

Lamulungu, 13 Okutobala

Amayi a kwaya anaimba pakhonde, ndipo wina anatibweretsera Ukalistia. Magazi akwera kufika 8.1. Kutaya kwachepa.

Pali chinthu chimene sindinauzepo munthu, ndichilembe pano. Ndatumiza amayi ambirimbiri kukayezetsa khomo la chiberekero. Ndinkaima kutsogolo kwawo ndi chithunzi m'manja n'kumati, "Ndi mphindi zochepa chabe, amangopaka viniga n'kuyang'ana." Ineyo sindinapiteko ngakhale kamodzi. Oyezawo anali anzanga a ku ntchito, ena ana a dzulodzuloli. Ndinkachita manyazi kuwavulira. Basi, chifukwa chake n'chomwecho.

Lachiwiri, 15 Okutobala

Tsiku la anakubala. Mwana wanga Yvonne wafika kuchokera ku Blantyre ndi chitenje chobiriwira. Hilda anali atamuuza pa foni kuti ndi malungo. Atalowa anatenga kabuku kanga ka kuchipatala, anawerenga masamba awiri, n'kukhala pansi pa mphasa.

Yvonne amagwira ntchito mu labotale ya ku koleji, ndipo akupitiriza maphunziro. Chaka chino chonse akufufuza za matenda omwewa. Ndinkadziwa, n'chifukwa chake ndinabisa.

"Amayi, miyezi ingati?"

"Kuyambira Malichi."

"Ine tsiku lililonse ndimayang'ana matendawa m'mbale zagalasi, inu muli nawo kunyumba."

Sanakalipe. Anangondivula mpango n'kuyamba kundipesa tsitsi. A Margret anatembenukira kukhoma kuti atipatse malo.

Lachitatu, 16 Okutobala

Zotsatira zafika. Dokotala Mercy, amene amabwera Lachitatu lililonse kuchokera ku Lilongwe, anatiitanira m'kachipinda: ine, a Lameck ndi Yvonne.

Ndi khansa ya khomo la chiberekero. Anandiyeza kachiwiri, anaunikanso m'mimba. Chotupa n'chachikulu ngati dzira la nkhanga, koma chikuoneka kuti sichinatuluke m'chiberekero. Impso zili bwino. HIV ndilibe. Akuti opareshoni ingatheke: kuchotsa chiberekero chonse ndi timitsempha ta m'mbali. Choyamba magazi afike 10, ndipo papezeke malo ku chipatala chachikulu.

A Lameck anafunsa kuti matendawa amabwera bwanji. Dokotala anayankha mosazungulira: kachilombo kotchedwa HPV, kamene kamafala pogonana. Anawonjezera kuti anthu akuluakulu ambiri amakatenga nthawi ina m'moyo, ndipo mwa ambiri thupi limakachotsa lokha. Ndinaona kuti a Lameck mbali yachiwiriyo sanaimve. Chipewa chawo ankachipinda ndi kuchifunyulula.

Pochoka anangoti, "Ndapita, Nangozo." Amanditchula ndi mfunda wanga akakhala ndi chinthu mumtima.

Sindinalire. Hilda ndiye walira m'malo mwanga, kuseri kwa bafa.

Lachinayi, 17 Okutobala

Mapiritsi owonjezera magazi, limodzi katatu pa tsiku. Panado ndikamva kupweteka.

Lero ndinali ndi mphamvu, ndiye ndinauza Yvonne kuti andifotokozere ntchito yake ngati akufotokozera amayi a ku sikelo. Ndilemba monga ndinamvera.

Thupi lapangidwa ndi maselo, tinthu tating'ono tosaoneka ndi maso. Selo lililonse limabadwa likudziwa kufa. Likakalamba kapena likawonongeka, limadzipha lokha mwakachetechete, limanyala n'kugawikagawika, anzake n'kusesa. Akuti ngakhale zala za mwana m'mimba zimayamba zili zolumikizana ngati phazi la bakha, ndipo zimalekana chifukwa maselo a pakati amavomera kufa.

"Ndiye imfa ina ndi yotithandiza?" ndinafunsa.

"Popanda imeneyo sitingakhale ndi moyo, amayi."

M'selo muli mlonda amene amalamula kuti nthawi yakwana. Kachilombo ka HPV kakakhazikika kamagwira mlondayo n'kumuchotsa. Selo lowonongeka limangokhalabe, n'kubereka ena oiwala kufa ngati lomwelo. Pakapita zaka, ndiye chotupa.

Ntchito ya Yvonne ndi kuyesa mankhwala otchedwa maretinoidi. Ndi abale ake a vitamini A. Ena thupi limapanga lokha kuchokera ku vitamini A, ena amapangidwa ndi anthu. Amalera maselo a khansa m'mbale zagalasi, ena okhala ndi kachilombo, ena opanda. Amadonthezamo mankhwalawo, n'kudikira masiku atatu, kenako amawerenga pa makina oonera tinthu ting'onoting'ono kuti ndi angati akumbukira kufa.

"Nanga amakumbukira?"

"Ena. Ena amangochepetsa kuberekana. Ena anagontha, amayi, khutu lomvera mankhwalawo linatsekeka. Ndikufuna kudziwa chifukwa chake."

Ndinafunsa kumene amawatenga maselowo. Akuti amachokera kunja, ndipo ena ndi a mayi wina amene anamwalira kalekale ndi matenda omwewa, ine ndisanabadwe. Mayiyo anaikidwa m'manda, koma maselo ake akadali moyo m'malabotale a dziko lonse. Madzulo pa kolona ndinamuikamo mayi ameneyo.

A Margret anali atatsinzina nthawi yonseyi. Ndinkayesa agona.

Lachisanu, 18 Okutobala

Yvonne wabwerera ku Blantyre. Mbale zake sizingadikire, maselo amafuna kudyetsedwa ngati nkhuku. Adzabwera pa opareshoni.

A Lameck sanabwere. Anatumiza mango ndi bonongwe kudzera kwa mayi wina wa kumudzi.

Masana, Hilda atapita kukachapa, a Margret anandiitana ndi dzanja.

"Adokotala, ndinamva zimene ankanena mwana wanu. Vitamini A uja."

"Sananene choncho kwenikweni."

"Anati abale ake. M'bale ndi m'bale. Inu muli nawo anzanu a ku sikelo. Mundipezereko timakapisozi tofiira tija. Ine opareshoni anandikanira, akuti mochedwa. Nanga ndingokhala?"

Ndinati ndiona. Sindikudziwa chifukwa chake ndinatero.

Loweruka, 19 Okutobala

A Margret sanagone bwino, ululu wakwera mpaka m'chiuno ndi mwendo wamanzere. Mwana wawo amabwera kawiri pa sabata basi, ali ndi khanda. Hilda ndiye amawasinthira nsalu. Sindinamupemphe, anangoyamba yekha.

Kunabwera Maliya, mnzanga wa ku ntchito, ndi thobwa. Pomuperekeza mpaka pakhomo la wodi ndinamunong'oneza za makapisozi aja. Anandiyang'ana modabwa, koma sanafunse.

A Lameck sanabwerenso.

Lolemba, 21 Okutobala

Magazi 8.9.

Maliya wabweretsa makapisozi anayi ofiira mu envelopu. Ndawaika m'chikwama cha sopo.

Ndikuwadziwa bwino makapisozi amenewa. Obiriwira ngati mtambo ndi a makanda osakwana chaka, ofiira a ana okulirapo, kamodzi pa miyezi isanu ndi umodzi. Ndakhala ndikuphunzitsa kuti ukapitiriza muyeso ndi poizoni: mutu, kusanza, chiwindi. Zonsezi ndikuzidziwa. Komabe tsiku lonse ndakhala ndikuganiza kuti mwina awiri a Margret, awiri ine. Munthu ukadwala, nzeru za m'kalasi zimakhala patali.

Madzulo ndinaimbira Yvonne. Ndinafunsa mozungulira, ngati ndikufunsira munthu wina. Anandigwira pomwepo.

"Amayi, muli nawo pamenepo?"

"Anayi."

"Mverani. Zimene ndimadontheza m'mbale si zimenezo. Ndipo mbale si munthu. Mbale ilibe chiwindi, ilibe magazi. Madokotala kunja anayesapo mankhwala a mtundu umenewu pa amayi odwala, ndipo sanapeze chodalirika. Zikanakhala kuti zimachiza, mukuganiza kuti ndikanakwera basi Lachisanu n'kukusiyani opanda?"

Kenako anapitiriza:

"Inu muli ndi opareshoni. Musawononge chiwindi tisanafike kumeneko. Ndipo a Margret musawanamize, amayi. Inu simunanamizepo mayi aliyense ku sikelo."

Lachiwiri, 22 Okutobala

Ndawauza a Margret. Ndinakhala pa bedi lawo, ndinatulutsa envelopu kuti aone kuti sindinawanyalanyaze, ndipo ndinanena zonse: kuti sangachize, kuti angawawonjezere kusanza ndi mutu, kuti ntchito ya Yvonne ikadali ya m'mbale, mwina idzathandiza adzukulu athu.

Anayang'ana envelopuyo nthawi yaitali.

"Ndiye mwabweretseranji?"

Anatembenukira kukhoma. Tsiku lonse sanandiyankhule, ngakhale phala la Hilda anakana.

Ndadzimva wopusa kawiri: pobweretsa, ndi pokaniza.

Lachitatu, 23 Okutobala

Dokotala Mercy anabwera. Kwa ine: malo apezeka, ndinyamuka pa 1 Novembala, opareshoni sabata yotsatira. Paketi ina ya magazi mawa.

Atafika pa bedi 7 ndinachita zimene wodwala sachita, ndinalowerera. Ndinati mayiwa sagona, panado sakugwira, ndipo amaopa kudandaula. Dokotala anakhala pansi nawo n'kuwafunsa bwinobwino. Awayambitsa mofini wamadzi, kasupuni kakang'ono maola anayi alionse, ndi mankhwala ofewetsa m'mimba. Anawauza zoona, kuti matenda sangachoke koma ululu ungachoke.

Madzulo a Margret anagona tulo tofa nato maola atatu. Atadzuka anapempha thobwa. Kenako, osandiyang'ana:

"Adokotala."

"Ee."

"Ndinkadziwa kuti timakapisozi ta ana sitingachize nkhalamba. Ndinkangofuna wina andifunefunire kanthu. Chifikireni muno aliyense amangoti pepani."

Ndinatambasula dzanja pakati pa mabedi athu. Anagwira. Dzanja lawo ndi lopepuka ngati chitsononkho.

Lachinayi, 24 Okutobala

Paketi yachitatu. Envelopu ndabweza kwa Maliya. Ana anayi alandira.

Lero ndi tsiku lachisanu ndi chitatu a Lameck osaoneka. Hilda anapita kumudzi kukatenga ufa, ndipo akuti anawapeza atakhala pakhonde ndi khasu pamiyendo, osapita kumunda. Mbuzi zili m'khola mpaka masana. Ndamuuza Hilda kuti akawauze kuti ndikuwafuna, ndipo ngati sabwera ndidzuka pano ndi diripi yanga n'kukawatenga.

Loweruka, 26 Okutobala

Abwera. Aonda. Tinatuluka pang'onopang'ono mpaka pa benchi ya pansi pa mtengo wa bwemba.

Anayamba ndi za mbuzi, za denga la khitchini, za mvula imene ikuchedwa. Ndinawasiya. Kenako anati:

"Nangozo, matendawa ndakupatsa ndine."

Anafotokoza za zaka ziwiri zimene anakagwira ntchito ku esiteti ya fodya, Yvonne ali wamng'ono. Kunali mkazi kumeneko. Anayankhula akuyang'ana nyerere pansi.

"Ndinkadziwa," ndinatero.

Anadzutsa mutu.

"Munabwera ndi malaya osokedwa bwino pa kolala. Inu singano simuidziwa. Ndinalira chaka chimenecho, ndipo ndinamaliza kulira chaka chomwecho."

"Ndiye ukuona kuti ndine."

"Sindikuona. Musanandikwatire ndinali pa banja lina zaka zitatu, mwaiwala? Kachilomboka sikalemba dzina la amene wakabweretsa. Dokotala ananena kuti pafupifupi aliyense amakumana nako, inu munali mutatseka kale makutu. Ndipo ngati tikufuna wolakwa, nanga ine amene ndinkatumiza anzanga kukayezetsa ndekha osapita?"

Anabwezeranso maso pa nyerere zija.

"Bambo a Yvonne, masiku khumi awa mwandidwalitsa kuposa chotupachi. Ine ndikufuna munthu wondigwira mkono popita ku bafa. Wodziimba mlandu pakhonde alibe ntchito kwa ine."

Analira ngati pa maliro a mayi awo, mapewa okha kugwedezeka. Ndinawasiya alire. Atamaliza anandisendera bwemba, ndipo tinadya tonse, nkhope zitakwinyika ndi kuwawasa.

Lamulungu, 27 Okutobala

Ndatopa. Ndagona tsiku lonse. A Lameck anakhala pa mpando kundikupiza ndi katoni.

Lolemba, 28 Okutobala

Magazi 10.2.

A Margret atuluka mawa. Apempha okha. Akuti akufuna kukafera kumene akumva fungo la usipa pa thandala. Anesi a chisamaliro cha kunyumba azikawayendera ndi mofini.

Lero anagwira Hilda pa mkono pamene ankawapukuta.

"Iwe, unayezetsa?"

Hilda anaseka, anati iye ali bwinobwino, ana asanu anabereka popanda vuto.

"Inenso ndinali bwinobwino. Ana asanu ndi awiri. Wandisinthira nsalu masiku onsewa, waona ndi maso ako. Ukufuna adzakusinthire ndani? Chipinda chake ndi icho, pafupi ndi sikelo. Pita pompano, ndikudikira."

Ine ndamuuza Hilda zimenezi zaka zisanu osandimvera. A Margret anangonena kamodzi. Anapita, ndipo anabwerera patapita ola akumanga chitenje mwaukali. Sanamupeze ndi kanthu. Akuti adzabwerenso pakapita zaka zitatu.

"Zinapweteka?" a Margret anafunsa.

"Chitsulo choyezeracho n'chozizira basi."

Lachiwiri, 29 Okutobala

Apita. Mwana wawo anabwera ndi njinga yamoto, ndipo anawakhazika pakati, atawamanga ndi chitenje kuti asagwe. Ndinawapatsa chitenje chobiriwira chija. Yvonne andimvetsa.

Asananyamuke anandiitana pafupi.

"Mukamuuze mwana wanu asatope ndi mbale zakezo. Ogonthawo awakuwire ndithu."

Bedi 7 alichapa ndi mankhwala. Madzulo agonekapo mtsikana wa chibayo.

Lachisanu, 1 Novembala

Lilongwe. Tinanyamuka m'mawa pa ambulansi, kudzera msewu wokhotakhota wa m'phiri. Ndinasanza kawiri. Chigwa chathu chinkaoneka pansi chotuwa, chikudikira mvula.

Hilda wabwerera kwa ana ake. Wondidikirira tsopano ndi a Lameck. Ku malo ogona odikirira odwala a wodi yathu, mwamuna ndi iwo okha. Amayi akumeneko ayamba kale kuwatcha "achemwali".

Wodi ndi yaikulu, mabedi sindinawerenge. Ambiri matenda ndi omwewa. Ena ndi ana kwa ine.

Lolemba, 4 Novembala

Kujambula chifuwa: bwino. Mtima: bwino. Magazi 10.4. Ndasaina pepala. Dokotala wa opareshoni anafotokoza kuti ndikhala ndi paipi ya mkodzo kwa masabata angapo, ndipo zonse zimene achotse azitumiza ku labotale. Ngati timitsempha ta m'mbali tili ndi khansa, padzafunika mankhwala ena.

A Lameck anachapa zovala zanga. Zoyera zonse zasanduka zofiirira, anaziviika pamodzi ndi mpango wofiira.

Lachiwiri, 5 Novembala

Yvonne wafika. Osadya kuyambira madzulo ano. Ndalapa kwa wansembe. Mantha alipo, koma si ambiri monga ndinkayembekezera.

Lachisanu, 8 Novembala

Ndili moyo. Opareshoni inali Lachitatu, maola anayi. Kupweteka.

Loweruka, 9 Novembala

Ndamwa tiyi. Ndakhala tsonga.

Lamulungu, 10 Novembala

Ndayenda kuchokera pa bedi mpaka pakhomo, a Lameck mbali iyi, Yvonne mbali iyo, thumba la mkodzo a Lameck atanyamula m'manja ngati nkhuku ya mphatso. Bala ndi louma. Kutentha thupi 37.4.

Yvonne anandionetsa pa foni chithunzi cha mbale yake. Timadontho tambirimbiri, ena otambasuka, ena ozungulira ndi onyala. Onyalawo ndiwo akufa. Akuti sabata yatha mankhwala opangidwa ndi anthu aja anapha ambiri mwa maselo a kachilombo, kuposa a chilengedwe, koma ayenera kubwereza katatu asanakhulupirire. Ndinamuuza uthenga wa a Margret. Anaseka, kenako anatuluka panja kanthawi.

Lachiwiri, 12 Novembala

Mwana wa a Margret anaimba pa foni ya a Lameck. Amwalira dzulo m'mawa, kunyumba, mwakachetechete. Akuti Loweruka anapempha kuti awatulutse panja, ndipo anakalipira mkamwini wawo chifukwa choyanika usipa mothinana.

Tinakhala pamodzi masiku khumi ndi asanu ndi anayi okha. Ndalira ngati ndataya mkulu wanga.

Hilda apita ku maliro m'malo mwanga.

Lachinayi, 14 Novembala

Ulusi achotsa theka. Ndikudya bwino. Zotsatira za ku labotale zitenga masabata atatu kapena anayi. Dokotala akuti pooneka ndi maso timitsempha tinali bwino, koma maso si makina. Sindikudziwa chimene chikubwera. Andisunga sabata ina chifukwa cha chikhodzodzo, sichinayambe kugwira bwino ntchito.

Yvonne wapempha tchuthi, akhala nane mpaka ndituluke.

Lachisanu, 15 Novembala

Hilda waimba. Mvula yagwa ku Golomoti usiku wonse, yeniyeni yobzalira. Anthu onse ali m'minda.

A Lameck anamva, koma anachita ngati sanamve. Anapitiriza kusenda nthochi.

"Pitani mukabzale," ndinatero.

"Chimanga sichithawa."

"Chinyezi chimathawa. Yvonne alipo. Mukachedwa tidzadya chiyani, zotsatira za ku labotale?"

Anakana mpaka masana. Kenako ndinaona akupinda bulangete lawo. Anabwera kudzaima pambali pa bedi, chikwama paphewa.

"Munda wonse ndibzale chimanga?"

"Ayi. Kumunsi kuja, kufupi ndi chulu, musiye mizere khumi. Ndidzabzala mtedza ndekha ndikabwera."

Anandiyang'ana, anayang'ana paipi, anayang'ana Yvonne.

"Dokotala anati usagwire khasu miyezi itatu."

"Mtedza sufuna khasu. Chidendene chokha."

"Isanu," anatero.

"Khumi."

"Isanu ndi iwiri. Ndipo mbewu ndizikunyamulira ine."

Ndavomera. Anyamuka ndi basi ya 2 koloko.